Mlendo Safunsa za Masitepe

Pa mayunivesite ambiri kuno kummwera kwa Africa pamachitika chinthu chimene oona amachiyamikira. Wophunzira woyenda pa njinga ya olumala akafika pansi pa masitepe, anyamata anayi amatula mabuku awo, awiri kutsogolo awiri kumbuyo, n'kumunyamula ndi njinga yomwe mpaka m'chipinda cham'mwamba. Amachita izi akucheza ndi kuseka, osayembekezera malipiro. Wodutsa akaona amati umunthu ukadalipo, ndipo sakunama.

Koma limafika tsiku loti wonyamulidwa uja walemba kalata kwa akuluakulu a sukulu. Akupempha kuti phunzirolo lisamukire m'chipinda chapansi, kapena pamangidwe njira yotsetsereka yoti azikwera yekha. Kalatayo ikapanda kuyankhidwa amalemba ina, amasonkhanitsa anzake aulumali, amakayankhula pa msonkhano wa ophunzira. Apa ndiye nkhope zimasintha. Ena mwa omunyamula aja zimawapweteka: kodi tinadandaulapo kuti akulemera? Tinamugwetsapo? Akuluakulu nawo amati tinamulandira pamene ena akanamubweza, lero tasanduka adani? Liwu limene silitchulidwa mokweza, koma lili pakamwa pa onse, ndi lakuti kusayamika.

Kodi munthu amene wachitiridwa chifundo angathe kunena kuti chifundocho sichikukwanira, popanda kukhala wosayamika? Ndikufuna tilione funsoli kuchokera ku Kadoma ndi ku Chegutu, matauni awiri a m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, chifukwa Achewa akumeneko anakumana nalo kale, ngakhale linabwera litavala zovala zina.

Kadoma ndi Chegutu, amene kale ankatchedwa Gatooma ndi Hartley, ali pa msewu waukulu wochoka ku Harare kupita ku Bulawayo. Ndi dera la golide ndi thonje. Mgodi wa Cam and Motor ku Eiffel Flats, wa Dalny ku Chakari, mafakitale a nsalu a David Whitehead ndi mafamu ozungulira zinakoka anthu ochokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete. Ena anayenda pansi milungu yambiri, ena anakwera malole a Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi. Ambiri anatchona. Adzukulu awo ali ku Rimuka, ku Pfupajena ndi m'makomboni a migodi, ndipo ng'oma za gule wamkulu zimamvekabe kumeneko.

Anthu amenewa anakumba migodi, anatola thonje, anaika makolo awo m'manda a m'dziko lomwelo, komabe ziphaso za ambiri zinkanena kuti ndi alendo. Ankanyozedwa kuti alibe mfunda, iwo ali a Phiri, a Banda, a Mbewe. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri obadwira konko anapezeka kuti sangavote. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo anati munthu wobadwira ku Zimbabwe, yemwe kholo lake linali la dziko lina la SADC ndipo iye amakhala ku Zimbabwe, ndi nzika mwa kubadwa.

Amene wakhala zaka zambiri akutchedwa mlendo amadziwa malamulo a ulendo. Mlendo akapatsidwa mphasa yong'ambika amagona osanena kanthu. Akadontheredwa usiku, m'mawa amati ndagona bwino. Amatero chifukwa mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiye palibe chifukwa choyambanirana ndi eni mudzi. Amene amanena kuti denga likudontha ndi mwana wa pakhomo, ndipo palibe amamutcha wosayamika, poti dengalo ndi lakenso. Kudandaula koteroko ndi chizindikiro cha umwini.

Ndiye tikamakhumudwa ndi kalata ya wophunzira uja, taulula mmene timamuonera. Tinamulandira ngati mlendo wolemekezeka, iye akuyankhula ngati mwini. Mkangano wagona pamenepo. Mtsikana wokulira ku Rimuka amene anakhoza mayeso ake, n'kusankhidwa kukaphunzira ku Harare, ku Gweru kapena ku Chinhoyi, sanalowe pa yunivesite chifukwa chomveredwa chisoni. Analowa pa khomo la mayeso limene analowera aliyense, ndipo fizi yake ndi yofanana ndi ya anzake. Ngati laibulale ili pamwamba pa masitepe makumi awiri, iye walipira laibulale imene sangalowemo yekha.

Nkhani ya chifundo ndi umwini si yachilendo ku Zimbabwe. Jairos Jiri, wobadwa mu 1921, atafika ku Bulawayo anakhudzidwa ndi anthu osaona ndi olumala amene ankapemphetsa m'misewu. Anayamba kuwasunga kunyumba kwake, ndipo mu 1950 anakhazikitsa bungwe limene lero limatchedwa ndi dzina lake. Bungwelo linakula, linatsegula malo ophunzitsira ntchito zamanja ndi masukulu, kuphatikizapo sukulu ya ana osaona ya ku Kadoma. Palibe munthu wanzeru amene angapeputse ntchito ya Jiri. Pa nthawi imene ana ambiri olumala ankabisidwa m'nyumba, iye anawatulutsa n'kuwapatsa maphunziro.

Koma taonani chimene maphunzirowo anabala. Ena mwa amene analeredwa pa malo a bungweli ku Nguboyenja, mu mzinda wa Bulawayo, atakula anayamba kufunsa chifukwa chake zonse zokhudza moyo wawo zinkagamulidwa ndi anthu ena. Pakati pa zaka za m'ma 1970 anayambitsa bungwe lawolawo, limene pambuyo pake linadziwika kuti National Council of Disabled Persons of Zimbabwe. Mmodzi mwa iwo anali Joshua Malinga, amene anadwala poliyo ali wamng'ono. Anadzakhala meya wa Bulawayo komanso mtsogoleri wa Disabled Peoples' International, bungwe la anthu aulumali la dziko lonse. Kodi a Malinga ndi anzawo anali osayamika? Ine ndikuona kuti iwo ndiwo umboni wakuti ntchito ya Jiri inatheka. Ukaphunzitsa mwana kuyankhula, usadabwe tsiku limene wakuyankha. Chifundo chimene chimafuna kuti wothandizidwa akhale chete mpaka kalekale chimakhala chikudzisamalira chokha.

Kutali ndi kuno, pa yunivesite ya California ku Berkeley, kunachitika nkhani imene imatchulidwa kwambiri pa za ophunzira aulumali. Ed Roberts anadwala poliyo ali ndi zaka 14, ndipo thupi lake linafa ziwalo kuyambira m'khosi kutsika. Usiku ankagona m'chimakina chachitsulo chomuthandiza kupuma. Atasankhidwa mu 1962, panalibe chipinda chogona ophunzira chimene chikanalandira chimakinacho, choncho anamupatsa malo m'chipatala cha pa sukulupo chotchedwa Cowell. Kumeneko kunali kumukomera mtima, ndipo iye anavomera. Koma ena aulumali atabwera pambuyo pake, anapanga gulu lodzitcha Rolling Quads n'kuyamba kufunsa mafunso a eni nyumba: bwanji wophunzira azigona m'chipatala ngati wodwala? Bwanji m'mphepete mwa misewu mulibe potsikira njinga? Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 mzinda wa Berkeley unayamba kusema potsikira m'makona a misewu, ndipo mu 1972 kunatsegulidwa Center for Independent Living. Nthambi ya boma la California yoona za anthu aulumali, imene poyamba inamuona Roberts ngati munthu woti sangagwire ntchito, inadzakhala pansi pa utsogoleri wake.

Tibwerere pansi pa masitepe paja, tione bwino zimene kunyamulidwa kumamulanda munthu. Choyamba ndi nthawi. Wonyamulidwa sangaganize zopita ku laibulale madzulo pamene anzake apita kukaonera mpira. Sangatuluke m'kalasi m'mimba mukavuta popanda kuimitsa anthu anayi. Chachiwiri ndi thupi. Mtsikana wonyamulidwa ndi anyamata tsiku ndi tsiku amagwidwa ndi manja amene sanawasankhe, ndipo akuyenera kumwetulira. Chachitatu, chimene sitikonda kuchiganizira, ndi ufulu wokangana. Yunivesite ndi malo otsutsana, koma ungamutsutse bwanji mwamphamvu m'kalasi munthu amene akutsitse masitepe phunziro likatha? Wonyamulidwa amakakamizika kukhala wokoma kwa aliyense, tsiku lililonse, kwa zaka zinayi. Anzake amaloledwa kudzuka ndi mkwiyo, iye ayi.

Palinso china. Masitepe sanamere okha ngati bowa. Munthu anawajambula, wina anavomereza, wina analipira. Yunivesite ya ku Harare inayamba m'zaka za m'ma 1950 ikutchedwa University College of Rhodesia and Nyasaland, ndipo nthawi imeneyo, kuno ndi kwina konse, omanga ankajambula nyumba ali ndi munthu mmodzi m'mutu: woyenda ndi miyendo iwiri, woona, womva. Sikuti ankadana ndi ena onse, koma sanawaganizire. Kusaganizirako kunasiya ngongole, ndipo ngongoleyo ndi ya sukulu. Anyamata anayi akamanyamula mnzawo, akubweza ngongole ya sukulu ndi misana yawo, ndipo chifukwa choti akubweza mokondwera, mwini ngongole amaiwala kuti ali nayo. Pamapeto pake wonyamulidwa ndiye amatsala akumva ngati ali ndi ngongole kwa aliyense.

Otsutsa ali ndi mfundo zitatu zimene siziyenera kukankhidwira pambali.

Yoyamba ndi ndalama. Mayunivesite a boma ku Zimbabwe, ku Malawi ndi ku Zambia amavutika kulipira aphunzitsi ndi kugula mabuku. Chikepe n'chodula, ndipo m'dziko la magetsi ozimazima chikhoza kumutsekera munthu pakati pa nyumba. Izi n'zoona. Ngakhale malamulo aakulu a Zimbabwe, pa gawo 83 lonena za ufulu wa anthu aulumali, amati boma lichite zimenezi molingana ndi chuma chimene lili nacho. Koma tikayang'ana zimene ophunzira amapempha, zambiri sizifuna chikepe. Kusamutsa phunziro kupita m'chipinda chapansi kumafuna munthu wokonza ndandanda ya maphunziro amene wafunsa kaye kuti m'kalasimo muli ndani. Kupereka zolemba za phunziro pa kompyuta, kuti wosaona azimvetsera pa pulogalamu yowerenga mokweza, kumafuna mphunzitsi wokumbukira. Nyumba yatsopano ikamamangidwa, kuika khomo lotakata ndi njira yotsetsereka n'kotsika mtengo kusiyana ndi kudzagumula pambuyo pake. Ngakhale njirayo ili ndi muyezo wake wodziwika: pa sentimita imodzi iliyonse yokwera pamafunika masentimita 12 a kutalika, kotero sitepe imodzi ya masentimita 15 imafuna njira ya pafupifupi mamita awiri. Tonse tinaonapo tinjira tophedukira tomangidwa pa makomo a maofesi, totsetsereka moti woyenda pa njinga sangayerekeze n'komwe. Simenti inagulidwa, ndalama zinapita, chimene chinasowa ndi kufunsa mwini njinga. Umphawi umatiuza kuti sitingachite zonse lero. Sutiuza kuti munthu yemweyo ndiye azikhala womaliza chaka chilichonse.

Mfundo yachiwiri ndi yozama. Ena amati maganizo oti munthu azichita zonse payekha ndi achizungu. Ife timati munthu ndi munthu chifukwa cha anzake, ndiye kunyamulana n'chikhalidwe chathu, ndipo simenti isalowe m'malo mwa manja a anthu. Ndimaimva mfundoyi, koma ndikuona kuti yasokoneza zinthu ziwiri. Ed Roberts yemwe anafuna womuthandiza kusamba, kuvala ndi kudya moyo wake wonse. Chimene ankamenyera sichinali kukhala wopanda anthu, koma kuti iye azisankha nthawi, malo ndi munthu womuthandiza. Ndipo kwathu kumudzi timadziwa bwino kusiyana kumeneku. Mtsinje ukadzaza, akuluakulu amawolotsa ana a sukulu pamapewa. Ndi umunthu. Koma sindinamvepo mudzi umene unakana mlatho ponena kuti uthetsa chikondi. Owolotsa anawo ndiwo amakhala oyamba kupita kwa mfumu ndi kwa khansala kukafunsa za mlatho, chifukwa amadziwa kuti tsiku lina phazi lidzaterereka, ndiponso kuti pali masiku amene iwo sakhalapo. Mlatho ndi umunthu womwewo, wochitidwa ndi mudzi wonse, wothandiza ngakhale munthu amene alibe anzake. Wophunzira wochezeka apeza omunyamula. Nanga wamanyazi, wongofika kumene, kapena wovuta mtima? Naye ali ndi phunziro nthawi ya 8 koloko.

Mfundo yachitatu imachokera kwa amene akugwirizana ndi wophunzirayo, koma pa chifukwa chimene ndikuchiona chopereŵera. Amatchula mwambi wathu wakuti lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Ashona ali ndi wawo wakuti seka urema wafa, kutanthauza kuti useke ulumali utafa, poti ukadali moyo sudziwa za mawa. Ku Kadoma ndi ku Chegutu mwambiwu sufuna womasulira. Mu February 2019 madzi anasefukira m'migodi ya ku Battlefields, kufupi ndi Kadoma, n'kupha anthu oposa 20. Mu September 2023 mgodi wa Bay Horse m'boma la Chegutu unagumukira okumba golide. Akufa amawerengedwa, koma palinso otuluka ndi msana wothyoka kapena mwendo wodulidwa amene nkhani zawo zimathera pakhomo. Onjezerani ngozi za pamsewu, matenda a shuga ndi ukalamba. Choncho n'zoona kuti njira yotsetsereka imene tikumangira mnzathu lero ikhoza kudzakhala yathu.

Komabe mwambiwu umagwira ntchito poopseza. Umati chitira mnzako bwino chifukwa mawa zili pa iwe. Nanga munthu atatsimikiziridwa kuti adzayenda ndi miyendo yake mpaka kumanda, ndiye kuti wamasuka? Ayi. Wophunzira uja ayenera kulowa m'kalasi lero chifukwa kalasiyo ndi yake lero, osati chifukwa ine ndikuopa za mawa langa. Mantha angatidzutse, koma chilungamo sichingaime pa mantha okha.

Monga womasulira, ndimaona kuti masitepe ena sali a simenti. Mwana wophunzira kuwerenga Braille pa sukulu ya ku Kadoma ija akadzafika ku yunivesite, adzapatsidwa mndandanda wa mabuku amene ambiri mwa iwo sapezeka m'zilembo zimene zala zake zimadziwa. Pangano la ku Marrakesh la 2013 linapangidwa pofuna kuti malamulo oteteza eni mabuku asaletse kusandutsa mabuku kuti osaona awerenge, koma pangano silisandutsa buku, pamafunika anthu ndi makina. Wosamva akakhala m'kalasi mopanda womasulira chinenero chamanja, ali m'chipindamo koma phunziro lili pamwamba pa masitepe. N'zochititsa chidwi kuti gawo 6 la malamulo a 2013, limene linavomereza zinenero 16, linaika Chichewa ndi chinenero chamanja pa mndandanda umodzi. Mchewa wa ku Chakari amene agogo ake ankasainira ndi chala mapepala olembedwa m'chinenero chosadziwa ayenera kukhala woyamba kumvetsa zimene wosamva akudandaula.

Mawu nawo tinawasintha. Liwu lakuti chilema, monganso chirema m'Chishona, lili m'gulu limodzi ndi chinthu, chitseko, chikho. Lero timati munthu waulumali, kuika munthu patsogolo, ndipo n'koyenera. Koma kusintha liwu n'kosavuta kuposa kusintha khomo. Malamulo nawo alipo. Zimbabwe inali m'gulu la mayiko oyamba mu Africa kukhala ndi lamulo la anthu aulumali, mu 1992, ndipo mu 2013 inalowa m'pangano la United Nations la ufulu wawo, limene Malawi inavomereza mu 2009. Lamulo la 1992 lija linapatsa komiti yoona za aulumali mphamvu yolamula mwini nyumba kuti akonze polowera, koma linanenanso kuti pa masukulu ndi zipatala za boma lamulo lotero silingaperekedwe popanda chilolezo cha nduna. Boma linadzisiyira lokha khomo lothawira. N'chifukwa chake kalata ya wophunzira imafunikabe ngakhale malamulo atakhala okoma chotani. Mayunivesite ena, monga ya ku Harare ija, ali ndi maofesi othandiza ophunzira aulumali, ndipo ntchito yawo ndi yaikulu, koma ofesi imodzi singasenze zimene ziyenera kusenzedwa ndi wokonza ndandanda, womanga, wa laibulale ndi mphunzitsi aliyense.

Tsono kuyamika kuli pati? Kulipo, ndipo kuyenera kukhalapo. Amene wakunyamula chaka chathunthu ndi mbale wako, ndipo kumuiwala kungakhale kuipa mtima. Koma zikomo ndi dandaulo zimapita ku makomo osiyana. Zikomo amapita kwa anyamata anayi aja. Dandaulo limapita kwa amene ali ndi mphamvu pa nyumba, pa ndandanda ndi pa thumba la ndalama. Amene amasakaniza ziwirizi, n'kumati ukadandaula kwa akuluakulu wanyoza okunyamula, nthawi zambiri ndi amene akupindula ndi kusakanizako.

Ndipo pali muyeso wosavuta woyezera chifundo chathu, ife oyenda ndi miyendo. Mnzathu akabwera ndi kalata yake, kodi tikumva kuti watilanda kanthu? Ngati tikumva choncho, ndiye kuti m'kunyamula muja munali kenakake kathu: kutamandidwa, kufunidwa, kudziona abwino. Ngati tinkanyamula chifukwa cha iye, tidzakondwera kuti tsiku likubwera loti sadzatifunanso pa masitepe, ndipo tidzapempha cholembera kuti dzina lathu likhale pansi pa lake. Akatero adzatifunabe pa zimene anthu amafunirana pa yunivesite: kubwerekana mabuku, kutsutsana za ndale mpaka usiku, kuyambana ndi kugwirizananso.

Adzukulu a matchona a ku Kadoma ndi ku Chegutu anadikira mibadwo itatu kuti pepala linene zimene manda a makolo awo ankanena kale, zoti kuno n'kwawo. Wophunzira waulumali ali ndi zaka zinayi zokha pa sukulu. Tikamuuza kuti adekhe, ndalama zikapezeka tidzaona, tikumuuza kuti amalize maphunziro ake onse ali mlendo.